Galu wamkota akayamba kumwa madzi ngati ng'ombe

Lero za mtengo wa fetereza ndi za mavenda a soya tiziike kaye pambali, tikambirane za galu wokalamba. Ena museka, ndikudziwa: "Bambowa ntchito yawathera eti, mpaka kulemba za galu?" Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto. Pafupifupi khomo lililonse kuno lili ndi galu, ndipo galu aliyense amene wapulumuka chiwewe, galimoto ndi fisi, tsiku lina adzakalamba basi.

Mfundo yanga ndi iyi. Pali matenda otchedwa Cushing amene amagwira agalu akuluakulu, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe zija timamenyera galu: kuba chakudya, kukodza pakhonde, ulesi, kuthothoka ubweya. Chifukwa chosawadziwa, galu wodwala amalandira ndodo pamene akufunika madzi. Mankhwala ake ndi odula, ambiri a ife sitingawakwanitse, izo sindikana. Koma mbali yaikulu ya chisamaliro chake ili kale pakhomo pathu. Munthu angathe kunena kuti alibe ndalama ya mapiritsi, ndipo ndimumvetsa. Sanganene kuti alibenso madzi, mthunzi ndi chisaka chakutha.

Matendawa amayamba mwakachetechete, kawirikawiri galu atapitirira zaka 7 kapena 8. Choyamba ndi ludzu. Galu amene ankakhutira ndi kambale kamodzi amayamba kukhala pamjigo, kunyambita pansi pa thandala la mbale, kumwa madzi a abakha, mwinanso kulowetsa mutu mu ndowa ya m'nyumba. Madzi akalowa ambiri ayenera kutuluka ambiri, ndiye amakodza pafupipafupi, usiku ndi usana, ngakhale pamalo pomwe zaka zonsezi sankakodzapo. Chachiwiri ndi njala yosatha. Wadya kumene, koma akulondola mwana wonyamula mbatata, akuvundukula mphika, akulanda gaga wa nkhumba. Kenaka mimba imakula n'kumalendewera ngati ya mbuzi yabere, pamene msana ndi ntchafu zikuphwa. Ubweya umathothoka m'nthiti mbali zonse ziwiri mofanana, mchira n'kutsala ngati wa khoswe, koma kumutu ndi kumiyendo ubweya uli bwinobwino. Khungu limapyapyala mpaka mitsempha kumaoneka pamimba. Amapuma wefuwefu ngakhale usiku kukuzizira, ndipo kukwera pakhonde kumayamba kumuvuta.

Izi ndikuzidziwa chifukwa zili pakhomo panga. Ndaziona wathu uja mumamudziwa anthu oyandikana nane, wofiirira, amene ankathamangitsa anyani kumunda wa kuphiri. Anabadwa m'chaka cha chilala chija cha 2016, zaka zake muwerenge nokha. Mwezi watha mphwanga wa ku Lilongwe anabwera ndi kagalimoto kudzatenga chimanga, ndipo ataona mmene galuyo wasinthira anamukweza kumbuyo n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Anamutenga magazi katatu tsiku limodzi, anayeza mkodzo, anamuunika m'mimba ndi makina. Yankho linabwera: Cushing. Pamudzi pano anali atapatsidwa kale matenda atatu ndi anthu ofuna kwabwino. Wina anati ndi mphere. Wina anati chiwewe chikuyamba, aphedwe msanga. Wina anandinong'oneza kuti pali amene anamudyetsa mankhwala kuti afooke, akuba adzalowe bwino m'khola. Palibe ndi mmodzi yemwe analondola, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa dzina limeneli kuno silimveka.

Dzinalo ndi la munthu. Harvey Cushing anali dokotala wa ku America wochita maopareshoni a ubongo, ndipo mu 1932 anafotokoza matendawa mwa anthu. Anthu amadwala ndithu, koma mwa agalu ndi mmene amapezeka kwambiri. Mmene amayendera ndi motere. M'thupi muli timadzi tina tomwe achipatala amati mahomoni, ndipo imodzi mwa mahomoniwo ndi cortisol. Ntchito yake ndi kuthandiza thupi pa nthawi ya mantha, njala kapena matenda: amakweza shuga m'magazi kuti nyama ipeze mphamvu yothawira kapena yolimbana. Cortisol amapangidwa ndi tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono tomwe tili pafupi ndi impso, totchedwa adrenal. Koma tiziwaloti timamvera kachiwalo kena kokhala kunsi kwa ubongo, kotchedwa pituitary.

Amene munagwirapo ntchito pa esiteti mumvetsa msanga. Pituitary ndi kapitawo, ma adrenal ndi aganyu. Kapitawo akakuwa, aganyu amagwira. Ntchito ikakwana, amawaweruka. Mwa agalu 80 mpaka 85 pa 100 alionse odwala Cushing, pa pituitary pamamera kachotupa kakang'ono, nthawi zambiri kosakhala khansa, kamene kamachititsa kapitawo uja kukuwa usana ndi usiku osaweruka. Mwa otsalawo, chotupa chimakhala pa adrenal penipenipo, waganyu n'kumagwira yekha osamvera wina aliyense, ndipo pafupifupi theka la zotupa za mtundu uwu zimakhala khansa. Njira zonse ziwiri mapeto ake ndi amodzi: cortisol wochuluka m'magazi mwezi ndi mwezi. Iyeyo ndiye amadya minofu mpaka mimba kulephera kudzigwira, amatupitsa chiwindi, amaletsa impso kusunga madzi, amaimitsa kumera kwa ubweya, ndiponso amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Ndiye mukaona galu wotere akuba nsima, dziwani kuti thupi lake likumuuza kuti kunja kuli njala yaikulu ngakhale wangodya kumene. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu amene wakhala zaka 9 osakodza pakhonde sangayambe mwano lero popanda chifukwa.

Tisiyanitse bwino ndi chiwewe, chifukwa apa ndi pamene agalu osalakwa amafera. Galu wachiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi, amaluma chilichonse kapena amangoti zii nsagwada ili pansi, dovu lili chuchuchu, kumeza kumamukanika, ndipo zizindikiro zikayamba sapitirira masiku 10 ali moyo. Galu wa Cushing amamwa bwinobwino, amadya mopitirira, amamudziwa mbuye wake, ndipo amakhala choncho miyezi ndi miyezi. Mphere nazo zili ndi maonekedwe ake: galu amadzikanda usiku wonse, zimakonda m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba, ndipo zimafalikira kwa agalu ena. Kuthothoka kwa Cushing nthawi zambiri sikuyabwa, pokhapokha ngati pakhungupo palowa matenda ena. Ndipo mumve bwino, Cushing siopatsirana. Mwana sangautenge pomusisita galu, nkhuku ndi mbuzi sizingautenge, galu mnzake wodyera mbale imodzi sangautenge.

Komanso si galu aliyense womwa madzi ambiri ali ndi Cushing. Matenda a shuga amatero. Impso zikatopa zimatero. Galu wamkazi wosatseka, patapita milungu ingapo chichokereni pa nyengo yofuna amuna, akhoza kudzaza mafinya m'chiberekero, n'kumamwa madzi ambiri mimba itatupa, ndipo ameneyo sachedwa kufa ngati sachitidwa opareshoni. Mimba yaikulu pa kagalu kakang'ono kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. N'chifukwa chake ine sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kudzipatsa udokotala. Safunsa anadya phula.

Chomwe mungachite nokha, osalipira kanthu, ndi kuyeza madzi. Galu wabwinobwino amamwa mamililita 50 kapena 60 pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku. Akapitirira 100 pa kilo, madokotala amati pali vuto. Agalu athu akumudzi ambiri amalemera makilo 15 mpaka 20. Ndiye galu wa makilo 20 ayenera kumwa lita imodzi ndi pang'ono; akamamaliza botolo la malita awiri n'kumafunanso ena, tsiku ndi tsiku, kunja kusanatenthe kwenikweni, m'pofunika kufunsa. Mumuikire mbale yakeyake pomwe nkhuku sizifika, muzithira ndi botolo lomwelo, muzilemba m'kope masiku atatu kapena anayi. Kulemera kwake muyeze pa sikelo ya chimanga, mutamukoleka mu chitenje chakale. Mukapita kwa alangizi a ziweto muli ndi manambala m'manja, nkhani imayenda msanga kusiyana n'kungoti "sakupeza bwino".

Kutsimikiza matendawa kumafuna magazi ndi labotale, ndipo kudibi kwathu kuno zipangizo zimenezo kulibe. Njira imodzi amamubaya galu kamankhwala kochepa ka dexamethasone, n'kuyeza cortisol asanabaye, patapita maola 4, ndi patapita maola 8. Kwa galu wabwinobwino cortisol amatsika, kwa wodwala satsika mokwanira. Ina amamubaya mankhwala odzutsa ma adrenal n'kuona mmene akwerera patatha ola limodzi. Zotere muzifunse m'zipatala za ziweto za m'tauni. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe lili ndi chipatala cha ziweto, ku Blantyre kuli BSPCA, kuphatikiza madokotala oyima paokha. Ndipo masiku ano dziko lathu likuphunzitsa lokha madokotala a ziweto ku Bunda, pansi pa LUANAR, chinthu chomwe kale kunalibe, ana ankachita kukaphunzira kunja. Alangizi athu a kudera ndiwo poyambira: aone kaye ngati si mphere, njoka kapena matenda a nkhupakupa, kenaka akuuzeni kolowera.

Pali mtundu wachitatu wa Cushing umene ndikufuna aliyense woweta aumve, chifukwa uwu timaupanga tokha ndi manja athu. Mankhwala monga dexamethasone ndi prednisolone ndi abale ake a cortisol. Galu akamadzikanda, wina amamubaya kajakisoni ka dexa, kuyabwa n'kuleka, aliyense n'kusangalala. Pakatha sabata kwayambiranso, abayanso. Ena amamugawira mapiritsi a agogo a mphumu kapena a nyamakazi. Ena amamupaka tsiku ndi tsiku timachubu tija toyeretsa khungu, galu n'kumanyambita. Zikapitirira milungu ndi miyezi, galu amaonetsa zizindikiro zonse za Cushing popanda chotupa chilichonse. Ubwino wake, mtundu uwu umatha mankhwalawo akasiyidwa. Koma osasiya kamodzin'kamodzi ayi! Ma adrenal amakhala atagona chifukwa ntchito yawo imagwiridwa ndi jakisoni, ndiye mukadula mwadzidzidzi galu akhoza kukomoka n'kufa. Amachepetsa pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi wodziwa. Dokotala akakufunsani zomwe galu wakhala akulandira, nenani zonse, osabisa.

Tsopano za mankhwala enieni. Omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi trilostane, ogulitsidwa ndi dzina loti Vetoryl, omwe ku America anavomerezedwa kupatsa agalu mu 2008. Aliponso akale otchedwa mitotane. Trilostane sachotsa chotupa. Amangochepetsa cortisol amene ma adrenal akupanga, ndiye galu amamwa moyo wake wonse, tsiku lililonse, pamodzi ndi chakudya. Mlingo amaika dokotala potengera makilo, kenaka amayezanso magazi patapita masiku 10 mpaka 14, pakatha mwezi, pakatha miyezi 3, n'kumapitiriza miyezi 3 iliyonse. Zikayenda bwino, ludzu ndi njala zimatsika m'milungu yochepa, koma ubweya umatenga miyezi kuti ubwerere. Agalu olandira chithandizo ambiri amakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ena ochepa mpaka 4, ndipo popeza ndi okalamba kale, ambiri amadzafa ndi zina.

Ngozi yake ndi iyi: mankhwala akachuluka, cortisol amatsika mopitirira, ndipo kusowa cortisol kumapha msanga kuposa kuchuluka kwake. Galu ali pa trilostane akangokana chakudya, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kapena kulephera kudzuka, musamupatsenso kapusozi wina, imbani foni kwa dokotala tsiku lomwelo. Makapusoziwo satsegula ndipo sagawa pakati. Mayi woyembekezera asawagwire n'komwe, chifukwa akhoza kuwononga mimba. Muwasunge patali ndi ana, ndipo wopereka azisamba m'manja.

Apa ndipo pali nkhani ya ndalama, ndipo sindiizemba. Mankhwalawa simungawapeze m'mashopu a pa trading, dokotala ndiye amawapezera njira. Kuwonjezera apo pali kuyeza magazi, pali thiransipoti yopita m'tauni ndi galu, amene minibasi zambiri sizingamulole. Munthu amene akusowa thumba la fetereza, mwana wabwezedwa fizi, mayi akufuna mankhwala a BP, ameneyo asadzimve wolakwa chifukwa sanagule Vetoryl. Mwana ayambe, galu abwere pambuyo, ndipo aliyense wonena zosiyana sanagonepo ndi njala. Cushing si matenda opha mawa. Amayenda pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake ntchito yawo yaikulu ndi kumupeputsira galu moyo. Choipa kwambiri ndi kuyamba mankhwala popanda ndalama yoyezera magazi, kapena kupereka sabata ino n'kudumpha sabata yamawa. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Kwathu tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba ndi mphwanga uja, iye anadzipereka kulipira miyezi itatu yoyamba pamodzi ndi kuyeza kwake, ndipo tinagwirizana kuti ikatha tidzakhalenso pansi. Pakanapanda iye, tikanasankha njira ya pakhomo yokha, ndipo sindikanachita nazo manyazi.

Njira ya pakhomoyo ndi imene ndikuti palibe angaikane, kaya galu ali pa mankhwala kaya ayi.

Madzi asamuthere. Maganizo oyamba a munthu aliyense ndi akuti "akukodza kwambiri, timuchepetsere madzi". Kumeneko ndi kumupha. Impso zake zikutaya madzi kaya wamwa kaya sanamwe, ndiye mukamumana amauma m'thupi. Dulani chigubu cha malita 5, muike pamthunzi, mudzaze m'mawa, masana ndi madzulo. Popita kumunda kapena kumaliro musamusiye pa tcheni popanda madzi, makamaka dzuwa la Okutobala. Usiku agone pomwe angathe kudzuka n'kukakodza panja, osati kumutsekera m'chipinda cha matumba kenaka m'mawa n'kumumenya.

Chakudya chikhale chochepa koma kangapo. Mkute wokha wothira madzi sukwanira galu amene minofu ikusungunuka. Muonjezereko bonya kapena usipa wopanda mchere, dzira lophika apo ndi apo, soya wophika bwino, maungu, masamba otsala. Mafuta, zikopa za nkhumba ndi zotsala za pa chiwaya mumupewetse, chifukwa agalu a Cushing mafuta amakhala ochuluka kale m'magazi mwawo. Mlingo womwewo wa tsiku muugawe katatu kuti njala isamuzunze. Musamukhutitse nthawi iliyonse akapempha, poti kupempha sadzasiya, ndipo kunenepa kumamuwonjezera wefuwefu. Mphika muzivundikira ndi mwala, nsomba muziyanika pamwamba. Kusamala ndiwo ndi ntchito ya munthu, galu wodwala sangadziletse.

Khungu lake muliyang'anire ngati la khanda. Ndi lopyapyala, limang'ambika msanga, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Ndodo, mwala, waya wa msampha, tcheni chokhula pakhosi, zonsezi pa galu wotere zimasiya bala lomwe ntchentche zimaikira mphutsi. Ana muwauze, alendo muwauze. Nkhupakupa ndi utitiri muzichotsa, koma mankhwala a dibi la ng'ombe osamuthira mwachisawawa, funsani alangizi mlingo woyenera galu. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka pa mphere, asayandikire n'komwe: amawotcha khungu ndipo galu akanyambita ndi poizoni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi galu wopanda ubweya amazizidwa kwambiri, ndiye chisaka chouma pakona ya khitchini chimamukwanira. M'chilimwe akhale ndi mthunzi weniweni. Pogona pake pakhale pouma, chisakacho muziyanika padzuwa.

Muziyang'ana mkodzo ndi maso. Agaluwa amadwala matenda a chikhodzodzo kawirikawiri, nthawi zina osaonetsa kupweteka. Mkodzo ukayamba kununkha kwambiri, kuoneka magazi, kapena galu akamachita kudzikakamiza, m'pofunika mankhwala ochokera kwa wodziwa. Ena amadzayamba shuga pamwamba pa Cushing: mudzaona akuwonda msanga ngakhale akudya, nyerere zikuunjikana pomwe wakodza, maso akuchita ng'ala. Akayamba kubanika mwadzidzidzi, lilime kuda, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, chifukwa magazi a agalu amenewa amatha kuundana m'mapapo.

Ntchito mumupumitse, koma asangogona. Kosaka mbewa ndi akalulu, kolondola ngolo mpaka kumsika, kumeneko kwatha. Kuyenda pang'ono m'mawa kunja kusanatenthe, kukafika kudimba n'kubwerera, kumamusungira minofu yotsalayo. Makutu ndi mphuno zikugwirabe, kukuwa amakuwabe. Ngati mukufuna mlonda wothamanga, pezani kagalu kena kaphunzire kwa wamkuluyu, ndipo podya muziwasiyanitsa kuti asalandane.

Katemera wa chiwewe asaphonye chifukwa choti wakalamba kapena akudwala. Muwauze obaya za matenda akewo, iwo aone. Chiwewe ndicho chimapha ana athu, ndipo ntchito yobaya agalu ambirimbiri yomwe bungwe la Mission Rabies linayamba ku Blantyre mu 2015 inaonetsa kuti agalu akabayidwa, ana ofa ndi chiwewe amachepa. Galu wokalamba wobayidwa chaka ndi chaka ndi mpanda pakati pa ana anu ndi agalu oyendayenda. Mukamutaya n'kutenga kagalu kosabaya kochokera kosadziwika, mwagwetsa mpandawo nokha.

Inu a m'tauni, mawu awiri. Ambiri mwa agalu okalamba kuno ndi anu. Munawabweretsa ali ana, kapena landilodi atakana ziweto munati "akakhale kumudzi kwa amayi". Akhala akulondera nkhokwe yomwe mumadzatengamo ufa, mbuzi zomwe mumadzapha pa Khirisimasi, ndi mayi anu amene amagona okha m'nyumba. Ndiye akakuimbirani kuti galu uja wasintha, musangoti "mupezereni wina". Ngati mungathe, thandizani kuyeza, chifukwa kudziwa matenda ndiko kumachotsa mphekesera za ufiti zomwe zimadanitsa anthu pamudzi. Musatumize mapiritsi otsala a galu wa abwana anu, kapena ogula chifukwa mwawerenga pa intaneti. Mlingo wa galu wina ukhoza kupha uyu. Ndipo mukalonjeza kulipira mankhwala, nenani miyezi ingati, kuti otsala kuno adziwe poyima. Ngati simungathe zonsezo, ka Airtel Money kapena Mpamba ka bonya mwezi ndi mwezi n'kothandiza ndithu. Inunso amene muli ndi tiagalu tachizungu m'mipanda, poodle, dachshund, boxer ndi mitundu ya terrier, dziwani kuti timeneto ndiye timagwidwa kwambiri ndi matendawa.

Wina anandifunsa pa bawo kuti, "Zonsezi chifukwa cha galu, pomwe anthu akuvutika?" Funso labwino. Yankho langa ndi lakuti zomwe ndatchulazi sizilanda mwana chilichonse. Madzi a pamjigo, chisaka chakutha, kambale ka bonya, ndi kusunga ndodo. Ng'ombe yokoka ngolo ikakalamba timaigulitsa kapena kuidya, imabweza kanthu. Galu alibe nyama yoti tidye, malipiro ake onse ndi mmene timamusungira kumapeto. Komanso ana amaona. Mwana amene waona atate ake akumangirira galu wokalamba kuthengo n'kubwerako okha, waphunzira chochita ndi chinthu chomwe chasiya kupindulitsa. Ife tomwe tikukalamba, miyendo yayamba kale kukana, shuga ndi BP zili pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tsiku lidzafika ndithu pomwe chisamaliro sichidzakwanira. Galu akasiya kudya, akalephera kudzuka n'kumagona mumkodzo wake, zilonda zikakana kupola, kapena chotupa cha m'mutu chikakula n'kuyamba kumuzunguza, kuyenda mozungulira ndi kugwa, kumusunga kumasanduka kumuzunza. Pamenepo funsani a ziweto amugoneke ndi jakisoni, imfa ya mphindi zochepa yopanda ululu. Mankhwala a makoswe mu nsima, chingwe pamtengo, kumutaya kumsika wakutali, zimenezo ndi nkhanza, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza ngakhale ambiri sitilitchula. Poizoni amaphanso nkhuku, amphaka, ndipo nthawi zina mwana wotola pansi. Mukamukwirira, dzenje likhale lakuya kuti agalu ena ndi afisi asafukule.

Pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Amene muli ndi galu wopitirira zaka 7, mumuyang'ane bwino m'nthiti ndi kumimba, ndipo muyeze madzi ake masiku atatu. Amene mwakhala mukumubaya dexa kapena kumupatsa mapiritsi a anthu, kaonaneni ndi alangizi musanasiye. Achinyamata amene muli ndi mafoni, muwawerengere agogo nkhaniyi, poti iwo ndi amene amakhala ndi agaluwa tsiku lonse ndipo ndi amene amayamba kuona kusintha. A mfumu akadzalengeza tsiku la katemera, tidzapite nawo onse, okalamba omwe, ngakhale kuchita kuwakweza pa wilibala.

Sabata yamawa tibwerera ku nkhani ya manyowa, chifukwa ndaona ena mwayamba kale kutentha mapesi. Khalani bwino nonse, mupereke moni kunyumbako.